Obadwa pa 1 Januwale

Mpaka lero munthu akandifunsa kuti ntchito yanga ya ku London inatha bwanji, ndimayamba ndamuyang'ana kaye kuti ndione ngati ali ndi nthawi, chifukwa ineyo mwini wake nkhaniyi sindinaimvetse bwinobwino. Sanandichotse chifukwa cha ulesi, ndipo sindinabe ngakhale cholembera.

Chaka cha 2000 chinali chitangodutsa kumene. Ndinali nditamaliza maphunziro a zamakompyuta pa yunivesite ina ya mumzindamo, n'kupeza ntchito pa kakampani kena ku Lewisham, pamwamba pa sitolo ya makapeti. Ndinkachita lendi kachipinda ku Ilford, koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. M'mawa ndinkakwera sitima mpaka ku Stratford, kenako n'kusinthira kasitima kopanda woyendetsa kaja, ndipo ndikapeza malo ndinkakhala kutsogolo kwenikweni, mayi wamkulu ndithu, n'kumadziona ngati dalaivala. Koma chimene ndikufuna mudziwe msanga ndi ichi: chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangiriridwa ku ntchitoyo ngati mbuzi pachikhomo. Ntchito ikatha, pepala latha, ndipo pepala likatha ndiye kuti longedza, uzipita kwanu. Izi ndinkazikumbukira tsiku lililonse ndikamakwera masitepe a ofesi.

Kampaniyo inkagulitsa pulogalamu yosungira kaundula wa odwala kwa madokotala a m'madera, aja amene umayambira kwa iwo usanatumizidwe kuchipatala chachikulu. Pulogalamuyo inali yakale, ndipo amene anailemba ankasunga chaka cha kubadwa ndi manambala awiri okha. Munthu wobadwa mu 1950 ankalembedwa kuti 50, basi. Anthu atayamba kuopa za chaka cha 2000, bwana wathu anangomata chigamba. Anauza kompyuta kuti nambala iliyonse yochepera 20 iziiwerenga ngati ya zaka zatsopanozi. Chigambacho chinagwira usiku wa chaka chatsopano, aliyense n'kupuma. Mavuto anayamba kutuluka pambuyo pake, limodzilimodzi. Nkhalamba yobadwa mu 1912 kompyuta inkaiona ngati munthu amene sanabadwe, moti sinkaiitana kukapimidwa. Mayi wina wa zaka pafupifupi zana analandira kalata yoti amayi ake abwere naye kusikelo adzabayitse katemera. Mwana wake wamkazi, nayenso wa imvi, anaimba foni kufunsa ngati tikuwaseka.

Okonza tinalipo awiri: ine ndi bambo wina wa ku Zambia, wondiposa zaka khumi, amene ndinkamutchula kuti achimwene. Ntchito yathu inali yotsegula fayilo ya wodwala aliyense, kuyang'ana mankhwala amene amamwa, matenda amene anadwalapo, nthawi zina kuimbira foni kwa dokotala, kenako n'kulemba chaka chonse ndi manambala anayi. Munthu amene akumwa mankhwala a nyamakazi sangakhale khanda. Inali ntchito yofanana ndi kusankha nyemba, imodziimodzi, ndipo mafayilo anali osatha. Achimwenewo ankagwira modekha, akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Ine ndinkathamanga.

"Sisi, muthamangira kuti?" ankandifunsa m'chinyanja chawo cha mu Lusaka. "Iyi nchito ikasila, imwe muzadya chani? Slow down."

Ndinkangoseka. Ndinkaganiza kuti ndi ulesi wa anthu okhazikika, poti iwo mapepala awo anali abwino, ana atatu ali pasukulu ku Edmonton, kumpoto kwa mzindawo.

Tsono kampaniyo sinali ya bwana yekha. Kunali anthu awiri amene anaikamo ndalama zawo, ndipo mawu awo ankalemera kuposa ake. Woyamba anali bambo wina wonenepa wa tayi yofiira, amene kale anali ndi malo ochapira zovala angapo n'kuwagulitsa. Wachiwiri anali mayi wina wowonda wa tsitsi lalifupi, amene ankabwera pa njinga yopinda, n'kukwera nayo masitepe ataikolowekera pamkono. Anthu awiriwa anayamba kubwera Lachinayi lililonse kudzakangana, ndipo popeza khoma la chipinda cha misonkhano linali la matabwa opyapyala, ife tinkamva zonse osafuna.

Mkangano wake unali uwu. Mayi wa njinga anapeza kampani ina yogulitsa pulogalamu yokonza madeti yokha. Umangoipatsa kaundula yense, n'kudina batani, iyo n'kuyenda m'mafayilo monse. Ankafuna tigule imeneyo. Bambo wa tayi yofiira ankakana kwamtuwagalu. Ankati makina sadziwa munthu, ntchito ya odwala imafuna maso ndi manja, ndipo akafika pamenepo ankamenya tebulo mpaka makapu kulira.

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuzungulira. Mwachidziwikire bambo wa tayi ndiye anali kumbali yanga, chifukwa iye akapambana ntchito yanga ikhala. Koma munthuyo sanandipatsepo moni ngakhale tsiku limodzi. Ankandidutsa pakhonde ngati ndine chopachikira majekete, ndipo kamodzi anandipatsa kapu yake kuti ndikatsuke. Ndinakatsuka, mtima ukuwira. Pomwe mayi wa njinga, amene ankafuna kutichotsa, ankaima pa desiki yanga, kundifunsa za amayi anga ku Zomba, kufunsa ngati nyengo yozizira ndayamba kuizolowera. Ankabweretsa mabisiketi a chokoleti n'kuwasiya pakati pa ine ndi achimwene. Ndinkadya, ndikudzifunsa ngati sindikudya nyambo.

Tsiku lina ndinafunsa achimwene kuti kodi bambo wa tayiyu amatikondera chiyani.

"Satikonda," anatero, maso ali pa sikirini. "Ma surgery, madokotala aja, balipila pa hour. Tikachedwa, eve akondwela. Uja mayi afuna visile fast fast agulise company. Bonse babili ni business chabe."

"Ndiye ife tipemphere kuti apambane ndani?"

"Imwe pempherani chabe kuti bapitilize kukangana."

Yankho limeneli linandikwiyitsa. Ine ndinaleredwa pa sukulu ya masisitere, kumene funso lililonse linali ndi yankho limodzi lolondola, ndipo wodziwa ankakweza dzanja. Ndinkafuna kudziwa kuti wolondola ndani, makina kapena manja. Choipa n'choti ndikakhala pansi n'kuganiza monga munthu wophunzira zamakompyuta, mtima wanga unkapita kwa mayi wa njinga. Zaka zonse za ku yunivesite anatiphunzitsa kuti ntchito yobwerezabwereza uziipereka kwa kompyuta. Koma ndikatsegula kabati n'kuona pasipoti yanga, ndinkabwerera kwa bambo wa tayi. Pa sabata imodzi ndinkasintha maganizo kangapo, ndipo palibe amene anandifunsa.

Bwana wathu, munthu wofatsa amene ankaopa onse awiri, anatopa n'kupereka ganizo. Anati atenge kaundula wa dokotala mmodzi wa dera la kum'mawa kwa mzinda, akopere kawiri. Wina apatse makina aja, wina atipatse ife, ndipo Lachinayi lotsatira tidzafananize. Onse anavomera, aliyense akukhulupirira kuti mnzake achita manyazi.

Lolemba m'mawa kunabwera munthu wa kukampani ya pulogalamuyo, n'kuilowetsa mu kompyuta ya pakona. Anadina batani, n'kupita kukagula sangweji. Pobwera anapeza yamaliza. Ife nthawi imeneyo tinali tisanathe ngakhale mayina oyamba ndi chilembo choyamba. Ndinapita kuchimbudzi, n'kukaima pagalasi kwa kanthawi. Ndinachita mantha, osanama.

Nditabwerera ndinapempha bwana kuti ndione zimene makinawo achita. Ndinkafuna kupeza cholakwa, chilichonse. Ndinatsegula mafayilo khumi, makumi awiri, makumi asanu. Onse anali bwinobwino. Nkhalamba zonse zinabwezeredwa zaka zake, makanda anakhala makanda. Penapake anakonza ngakhale malo amene ineyo ndikanalakwitsa. Ndinayamba kudana ndi kompyuta ya pakona ija ngati mkazi mnzanga.

Lachiwiri masana m'pamene ndinaona kuti pambali pa kaundula wokonzedwayo panali mulu wina. Makinawo anaupatula n'kulembapo kuti awa si anthu enieni, ndi mafayilo oyeserera, afufutidwe. Ndinafunsa bwana, iye n'kundifotokozera kuti n'zoona, kale akamayesa pulogalamu ankapeka odwala abodza, ndipo pa tsiku lobadwa ankangolemba 1 Januwale chifukwa ndi losavuta. Komanso kalaliki akasiya malowo osalemba, pulogalamu yakale inkadzazamo yokha tsiku lomwelo. Makina atsopanowa anaphunzitsidwa kuti akaona 1 Januwale wambiri pamalo amodzi adziwe kuti ndi zinyalala.

Ndinatsegula muluwo. Pamwamba panalidi zinyalala, mayina ngati a zidole, opanda adiresi. Koma nditatsika pang'ono ndinayamba kuona mayina a ku Somalia, a ku Bangladesh, a ku Ghana, a ku Congo, ndi awiri atatu amene ndinadziwa kuti ndi a kwathu kapena a ku Zambia. Anali ndi maadiresi. Anali ndi shuga, mtima, mphumu. Wina anali atabwera kwa dokotala mwezi wathawo. Ndinayamba kuseka ndekha, chifukwa anthu amenewa ndinkawadziwa, ngakhale sindinakumanepo nawo.

Kutchalitchi chathu ku Edmonton kunali bambo wina wachikulire amene tonse tinkamutchula kuti ankolo. Anathawa kwathu kale kwambiri, nthawi imene munthu ukayankhula molakwika unkasowa, ndipo ana ake onse anabadwira ku England, Chichewa amangomva koma kuyankha m'Chingerezi. Ankolowo anali munthu wa makani, wokonda kudandaula za mabasi. Lamlungu loyamba la chaka ankabwera ndi keke imodzi yaikulu, n'kuitana amuna anzawo atatu a m'komiti kuti adule limodzi, chifukwa onse anayi anabadwa pa 1 Januwale. Nditangofika kumene ndinadabwa, n'kufunsa kuti zinatheka bwanji.

"Mwana wanga, iwe ukuganiza mayi anga anali ndi calendar?" anandiyankha. "Ndinafika pa office ya ma refugee, clerk akuti date of birth. Ine ndikuti ndinabadwa chaka chimene kunagwa dzombe, chimanga chili m'maondo. Iye akuti sorry, palibe box ya dzombe. Anangondiyang'ana kumaso, n'kulemba first January. Awanso chimodzimodzi, awanso. Tonse anatibereka ndi clerk."

Kwathu zimenezi si nkhani. Ngakhale amayi anga enieni chiphaso chawo chimanena tsiku lomwelo, pomwe iwo amati anabadwa nthawi yokolola. Koma amene analemba pulogalamu yodulayo anabadwira m'chipatala, nesi akuyang'ana wotchi, ndipo sizikanamubwerera m'mutu kuti dera limodzi lingakhale ndi anthu amoyo ochuluka chotere obadwa tsiku limodzi. Makinawo akanaloledwa, anthu onsewa akanafufutika m'kaundula, ndipo tsiku lokatenga mankhwala akanauzidwa kuti kulibe munthu wotero.

Ndinatembenuka n'kukoka mpando wa achimwene. "Taonani izi."

Anayang'ana pang'ono, osadabwa n'komwe. "Ninaviona dzulo," anatero.

"Ndiye osanena?"

"Tizakamba pa Thursday. Koma sisi, mvelani. Mukambe chabe kuti machine yalakwisa. Musakambe vambili."

Sindinamvetse chimene ankatanthauza, ndipo kunena zoona sindinafune kumvetsa. Ndinaganiza kuti ndi nsanje, kuti akufuna adzanene okha. Masiku awiri otsatirawo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Ndinasita bulauzi yoyera. Ndinakonza mapepala, ndinalemba mizere pansi pa mayina ndi cholembera chofiira. Ndinafika poimbira foni ankolo n'kuwauza kuti keke yawo ija yandipulumutsa, iwo osamva mutu wake, n'kuyamba kundiuza za basi imene inawasiya pa siteji. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuziyo siuzidwa.

Lachinayi anatiitana tonse m'chipinda cha matabwa chija, koyamba chiyambireni. Mayi wa njinga anayamba ndi kuonetsa nthawi imene makina anatenga ndi imene ife tinatenga. Bambo wa tayi ankangopukusa mutu, thukuta lili kamukamu. Bwana atafunsa ngati okonzafe tili ndi mawu, dzanja langa linakwera lokha, ngati ndili folomu 2. Achimwene anatsokomola. Sindinawayang'ane.

Ndinayala mapepala anga patebulo n'kufotokoza kuti mu mulu wa zinyalala muli anthu amoyo, ndipo ndinanena chifukwa chake. Ndinasimba za kalaliki ndi dzombe, osatchula munthu. Kenako bambo wa tayi anamenya tebulo, ulendo uno mwachisangalalo, n'kundiloza ndi chala chake chonenepa. Anati ndi zimenezi wakhala akunena miyezi yonseyi, kuti makina akanapha anthu, kuti mtsikana uyu ndi wamtengo wapatali kuposa pulogalamu iliyonse. Anafunsa bwana dzina langa, ine ndili pomwepo. Ndinakondwa, ndisaname. M'mtima ndinati pepala langa lapulumuka.

Mayi wa njinga sanatsutse. Nkhope yake inali itasintha, ndipo ndikukhulupirira mpaka pano kuti anachitadi mantha poganiza za anthuwo. Anatenga pepala limodzi n'kuliwerenga mpaka pansi. Kenako anandiyang'ana n'kundithokoza, n'kunena kuti iye sakanadziwa zimenezi ngakhale atakhala zaka zana. Ndiye anafunsa, mofatsa, ngati mphunzitsi wabwino:

"Koma mu muluwu mulinso abodza enieni. Inuyo mumawasiyanitsa bwanji?"

Pansi pa tebulo phazi la achimwene linagunda langa. Ndinalimva bwinobwino. Koma funso linali litafunsidwa, ndi munthu wamkulu, pamaso pa anthu, ndipo yankho ndinali nalo. Mmene ndinaleredwera, kudziwa yankho n'kukhala chete ndi mwano, mwinanso bodza. Komanso ndinkafuna aone kuti sindinangochita mwayi. Ndinayankha zonse. Ndinati munthu weniweni amakhala ndi adiresi yopezeka, amakhala atabwerapo kwa dokotala kapena kulandirapo mankhwala, nthawi zambiri malo ake obadwira ndi kunja, ndipo chaka chake chimakhala chosiyana ndi cha mnzake, pomwe abodza onse anawapatsa chaka chimodzi.

Mayiyo ankalemba. Atamaliza anafunsa ngati zimenezi zingathe kuuzidwa kwa makina.

"Zingatheke," ndinatero.

"Ndi ntchito yaikulu?"

"Ayi. Mizere inayi kapena isanu."

Mawuwo atangotuluka m'kamwa ndinamva achimwene akupumira m'mwamba. Bambo wa tayi anasiya kumwetulira pang'onopang'ono, akundiyang'ana ngati ndamuthira tiyi pa thalauza. Ine ndinali ndisanazindikirebe. Ndinkayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kudikira kuti wina anene kuti tapambana. Bwana anatithokoza n'kutiuza kuti tikhoza kubwerera kumadesiki athu.

Kunja kwa chitseko achimwene anatenga jekete yawo n'kutsika masitepe osandiyankhula. Ndinawatsatira mpaka pakhomo la sitolo ya makapeti.

"Achimwene, ndalakwa chiyani? Si munati tinene?"

"Ninakamba kuti mukambe kuti yalakwisa," anatero. Sanakweze mawu. "Sininakambe kuti muiphunzise. Sing'anga amakupasa mankhwala, sakulangiza mutengo. Apa manje mwabapasa mutengo, na muzu, na pokumba. Tikanankhala na nchito ya two years, kuchecka file iliyonse kumbuyo kwa machine. Manje ni four lines."

"Koma akanafufuta anthu."

"Sembe sitinabaleke. Ise tikanabapeza, mmozi mmozi."

"Nanga tikanaphonya wina?"

Anayatsa fodya, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita, n'kuyang'ana mabasi akudutsa. Ndinaima pamenepo mutu uli ziii. Funso langa linali loona, ndinkadziwa. Anthu awiri otopa akhoza kuphonya dzina, pomwe lamulo lolembedwa bwino siliphonya. Koma ndinkadziwanso kuti m'chipinda muja sindinayankhe chifukwa choganizira odwala. Ndinayankha chifukwa ndinafunsidwa ndipo ndinkafuna kuoneka wanzeru. Za odwalazo ndinaziganiza pa masitepe, ndikufuna podzitetezera. Ndinachita manyazi, ndiponso ndinakwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Mkangano wa eni ndalama sunathe tsiku lomwelo. Unapitirira Lachinayi lina ndi linzake, koma unali utasintha, ndipo kuseri kwa matabwa ndinkamva nkhani yanga ikugwiritsidwa ntchito ndi onse awiri. Bambo wa tayi ankati ngati mtsikana mmodzi wapeza dzenje lotere, ndiye kuti maenje ena alipo amene sitinawaone. Mayi wa njinga ankati ngati dzenjelo latsekeka ndi mizere inayi, enanso atsekeka choncho. Uyu akayankhula ndinkavomera, uyo akayankhula ndinkavomeranso. Ndinafika poti ndikamva dzina langa ndinkavala zomvera nyimbo m'makutu popanda nyimbo. Pamapeto pake bwana anagwirizana ndi mayi wa njinga, ndipo awiri anaposa mmodzi. Bambo wa tayi anatuluka osatseka chitseko, ndipo pondidutsa anayang'ana kumbali.

Mizere ija anandipempha kuti ndilembe ndine. Kampani ya pulogalamuyo inati ikhoza kutumiza munthu, koma bwana anati palibe amene akuidziwa nkhaniyi kuposa ine. Ndikanatha kukana, kapena kuchedwetsa, kapena kuilemba mokhotakhota kuti izifunabe munthu pambali. Ndinaganizirapo zonsezi m'sitima, masiku awiri. Koma nditakhala pa kompyuta ya pakona ija manja anga anakana kulemba chinthu chopunduka mwadala. Ndinailemba bwino, ndinaiyesa katatu, ndipo inakwanadi mizere inayi. Nditadina batani, mulu wa zinyalala unaphwa pamaso panga, mayina aja n'kubwerera m'kaundula, aliyense ndi matenda ake ndi adiresi yake. Ndinawerenga ena mwa iwo chamumtima. Ndinasangalala kwambiri, chisangalalo chenicheni, ndipo misozi imene inatsika sindikudziwa kuti inali ya chiyani.

Makalata athu anabwera sabata yotsatira. Bwana anandiitana ndekha, akulephera kundiyang'ana m'maso, n'kunena kuti ntchito yokonza pamanja yatha ndipo kampani ilibe malo ena. Anati alembera a boma monga mwa lamulo. Mayi wa njinga anabwera dala tsiku lomwe silinali Lachinayi, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anandilembera kalata yondichitira umboni, yabwino kwambiri moti poiwerenga ndinkadabwa kuti munthu wotereyu amuchotseranji. Anaimbira foni anzake angapo. Koma nthawi imeneyo makampani a zamakompyuta anali akutseka, ndipo aliyense akamva kuti ndikufunika chilolezo chatsopano mawu ake ankazizira. Ndinayenda maofesi ambiri ndi bulauzi yoyera ija. Ankolo anandiperekeza kwa loya wina wa kutchalitchi, amene anawerenga mapepala anga n'kundiuza tsiku limene ndiyenera kukhala nditatuluka m'dzikomo.

Achimwene sanandiyankhule masabata onse omalizawo. Tinkakhala moyandikana, kumaliza timafayilo totsala, mabisiketi ali pakati osadyedwa. Nyimbo zija anasiya. Ndinayesa kupepesa kawiri, koma pofika pakati ndinkapeza kuti sindikudziwa chimene ndikupepesera, n'kusiya.

Tsiku lomaliza ndinalongedza zinthu zanga m'katoni: kapu, nsapato zosinthira, mabuku awiri olemera. Ndikulimbana nayo pa masitepe, ndinangoona dzanja likuilanda. Achimwene ananyamula okha mpaka pa siteshoni, ine ndikutsatira kumbuyo, osayankhulana. Atafika pa pulatifomu anaiika pansi n'kupukuta manja pa thalauza.

"Mwapeza chinangu?" anafunsa.

"Ayi. Ndikupita kumudzi. Inu?"

"Warehouse ku Enfield. Ni nchito." Kenako anati, "Bamayo banga bali kuno, mudziba? Tinababweretsa last year, bali na shuga. Pa passport pao ni first January."

Ndinawayang'ana. "Amayi anu enieni? Ndiye bwanji simunanene?"

"Nikambe kuti chani? Surgery yao ili pa system yathu." Anagwedeza mutu. "Sisi, ma weeks yonse aya nakhala niganiza. Sinidziba ngati nikutukaneni olo nikuthokozeni."

"Inenso sindikudziwa, achimwene."

Sitima inabwera. Anandikwezera katoni ija mkati, n'kutsika zitseko zisanatsekeke. Ndinakhala pampando wa pakati ndi katoniyo pamiyendo mpaka ku Stratford. Ndege ya ku Lilongwe ndinakwera kutatsala masiku asanu kuti tsiku la loya lija likwane.